Nyimbo ya m'Wadiropu ya Enelesi

Mwazolowera kumva kuti mizimu imakhala kumanda, m'mitengo ikuluikulu kapena pamphambano za njira. Sendezani mipando kuno, chifukwa umene ndikuuzeniwu unkakhala m'wadiropu, m'nyumba ya lendi ku Chinamwali, ndipo unkabwera dzuwa likuswa mtengo.

Fanuel Kamtedza anali mphunzitsi wa galimoto. Tsiku lonse ankakhala pampando wakumanzere, phazi lili tcheru pa buleki, wophunzira akuzimitsa galimoto pakati pa msewu, iye osakalipa ngakhale pang'ono. Koma mtima wake unali pa nyimbo. Sanali woyimba wa pawailesi ayi. Ankapeka nyimbo zake, n'kuzijambula ndi gitala pa laputopu yakale yomwe batire lake linafa kalekale, kenako n'kutumizira anzake pa Watsapu. Ambiri ankangoyankha ndi kachala kokweza m'mwamba, ndipo ine ndikukayika ngati ankamvetsera mpaka kumapeto.

Amene ankamvetsera mpaka kumapeto anali mkazi wake, Enelesi. Anali mayi wamfupi, woseka ndi thupi lonse, woyimba alito mu kwaya ya kutchalitchi. Fanuel akayamba nyimbo kuchipinda, Enelesi ankayankhira ali kukhitchini, mbale zili m'manja.

"A Fanu, mwayambira pamwamba. Tsikani, mukakomoka pa kolasi."

Fanuel ankatsika, ndipo mawu a alito ankalowa pansi pa ake n'kuwanyamula bwinobwino. Ndi Enelesi yemweyo amene anapeza nzeru ya wadiropu. Nyumba yawo inali ya malata opanda siling'i, pansi pa simenti, moti munthu akayimba ankamveka ngati ali mu mgolo. Tsiku lina Enelesi anatsegula wadiropu yake n'kunena kuti, "Lowetsani mutu umu. Zovala zimameza phokoso." Kuyambira pamenepo Fanuel ankamangirira maiki ndi chingwe pa chitsulo chokolekapo zovala, n'kuyimba mutu uli pakati pa madiresi a mkazi wake. Mawu ankatuluka oyera ngati a ku situdiyo ya ku Blantyre.

"Nanga ine mudzandijambula liti?" Enelesi ankafunsa.

"Ndikapeza maiki yabwino. Mawu akowo si ojambulira pa kanthu kotchipa aka."

Anayankha choncho zaka zisanu ndi chimodzi. Akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Enelesi anadwala masiku anayi okha, tsiku lachisanu anthu anali atakhala pamphasa pakhomo. Maiki yabwino ija, yomwe mnzake wina anali atamugulira ku Joni, inafika patatha masabata atatu chiikireni maliro.

Fanuel anafufuza paliponse. Foni ya Enelesi inali ya mabatani, yosajambula mawu. Pa kanema wa kwaya ankaoneka kamutu kake kokha pamzere wachitatu, mawu atasochera pakati pa anthu makumi anayi. Munthu amene anajambula nyimbo zoposa makumi asanu analibe ngakhale kamphindi kamodzi ka mawu a mkazi wake. Chimenechi chinkamupweteka kuposa bedi lozizira, chifukwa mwezi uliwonse ankaona kuti mawuwo akufufutika m'mutu mwake.

Mwambo wa kwawo kwa Enelesi ndi woti maliro akatha, pakapita kanthawi, achibale amabwera kudzachapa zovala za malemu n'kugawana, kenako mwamuna amasudzulidwa kuti moyo wake upite patsogolo. Amene ankayendetsa zimenezi anali Dorika, mkulu wake wa Enelesi, mayi wogulitsa nsomba zouma mumsika wa Zomba, wa pakamwa posachedwa. Anabwera koyamba, Fanuel anati kudakali msanga. Anabwera kachiwiri, Fanuel anati ntchito yachuluka. Kachitatu Dorika anakana ndi mpando womwe.

"Alamu, chaka chatha ndi miyezi iwiri. Amalume akufunsa. Kodi madiresiwa mukufuna muzivala ndinu?"

"Pali nyimbo imodzi imene ndinayamba naye, alamu. Zovalazi zikachoka, chipinda chizilira, sindingajambule. Nditsirize kaye."

"Nyimbo yake yotalika bwanji, yosatha chaka chonse?"

Fanuel sanali kunama kwenikweni, koma sananenenso zonse. Akalowetsa mutu mu wadiropu muja ankamvabe kafungo ka sopo wa Enelesi, ndipo ankadziwa kuti akangotsiriza nyimboyo sadzakhalanso ndi chonamizira.

Nyimboyo inali ya mutu woti "Ndisungire Malo". Inachokera pa chizolowezi chawo cha Lamulungu. Enelesi ankalawirira kutchalitchi, Fanuel n'kumazengereza kunyumba, ndipo mkaziyo ankaika chitenje chopinda pa benchi kuti wina asakhalepo. Ndime ziwiri zinalipo, kolasi inalipo, koma pa ndime yachitatu panali gitala yekha. Chimwalirireni Enelesi, Fanuel anali atasiya kupita kutchalitchi. Lamulungu m'mawa, anthu onse a pamdadada akapita kokapemphera, ana kulibe, mawailesi atazimitsidwa, ndiyo inali nthawi yake yojambula.

Pofuna kuti Dorika aone kuti ntchito ikuyenda, Fanuel analemba pa gulu lina la opeka nyimbo la pa Fesibuku kuti akufuna woyimba alito. Anayankha mtsikana wina dzina lake Upile, wa ku Mangochi koma wokhala ku Kepitauni, komwe ankasamalira gogo wina wachizungu. Iyenso ankayimba mongokonda, ndipo ankajambula pa foni atadzifunditsa bulangete m'kachipinda kake. Sanaonanepo. Fanuel sanamuuze za Enelesi. Anangojambula gitala ndi mawu ake otsogolera Lamulungu lina, n'kutumiza.

Yankho linabwera masana omwewo, mwa uthenga wa mawu.

"Achimwene, nyimboyi ndi yokoma zedi, yandikumbutsa kumudzi. Koma ine mukundifuniranji poti alito muli naye kale? Mayi akuyimbawa sindingawapose."

Fanuel anaganiza kuti watumiza nyimbo yolakwika. Anatsegula laputopu, anavala mahedifoni, anamvetsera. Munali gitala ndi mawu ake basi. Analemba kuti mwina foni yake yasakaniza ndi nyimbo ina.

"Ayi, ndi yomweyi," Upile anayankha. "Poyamba penipeni, musanalowe bwino, akunena kuti, 'A Fanu, mwayambira pamwamba.' Kenako akuseka pang'ono. Ndimaganiza kuti mwasiya dala."

Dzina loti Fanu silinalembedwe paliponse. Pa Fesibuku anali Fanuel Kamtedza, kuntchito anali a Kamtedza, kwa makolo ake anali Fanuelo. Anakhala pabedi foni ili m'manja mpaka mithunzi inatalika pakhoma, osadya kanthu.

Tsiku lotsatira anabwereka sipika kwa mnzake n'kuiika pazenera, akuti mwina mahedifoni ndi amene akubisa. Anakweza nyimbo ija mpaka malata kunjenjemera. Iye anangomva mawu ake okha. Koma mayi wa nyumba yoyandikana, amene ankasesa pabwalo, anaima tsache lili m'manja. Anayang'ana pazenerapo nthawi yaitali, kenako anatsamiritsa tsache pakhoma, analowa m'nyumba mwake n'kutseka chitseko. Kuyambira tsiku limenelo ankapereka moni ali patali.

Zinthu zing'onozing'ono zinayamba kusintha m'chipindamo. Fanuel anali wamtali, ndipo maiki ankaimangirira molingana ndi pakamwa pake. Lachitatu atabwera kuntchito anaipeza ikulendewera m'munsi, cha pachifuwa pake, mfundo ya chingwe itamangidwa mwina. Anaikweza. Lachisanu inali itatsikanso pomwe paja. Mahedifoni anawapeza atafinyidwa ngati anavalidwa ndi munthu wa mutu waung'ono. Bulauzi yoyera ya kwaya, yomwe inkakhala kumapeto kwenikweni, inapezeka pakati, pafupi ndi maiki, ikununkhira ngati yangositidwa kumene. Ndipo nthawi zina masana, chitseko chili chotseka, mphepo kulibe, mahang'ala ankagundana pang'onopang'ono, ngati munthu akusankha chovala.

Mukuganiza kuti anachita mantha? Akanachita mantha bwenzi zinthu zitatha msanga. Fanuel anachita nsanje. Mlendo wa ku Kepitauni ankamva mkazi wake, mayi wa tsache ankamva mkazi wake, koma iye mwini wake, amene anagona naye mphasa imodzi zaka zisanu ndi chimodzi, makutu ake anali ngati otsekedwa ndi thonje. Anamuuza Upile zonse, ndipo mtsikanayo anakhala masiku awiri osayankha. Atayankha anangoti, "Pepani, achimwene. Sindimadziwa."

"Musapepese, achemwali. Ndiuzeni mmene akumvekera."

"Mawu ake ndi onenepa, koma akatsika kwambiri amasasa pang'ono."

"Eya, ndi iyeyo. Akupumira pati?"

"Pakati pa 'ndisungire' ndi 'malo'. Pamene inu simupumira."

Fanuel anaseka yekha misozi ikutsika, chifukwa pa kapumidwe kameneka ankakangana naye masiku onse.

Basi chinakhala chizolowezi. Lamulungu lililonse ankatsitsa maiki yekha kufika pachifuwa, n'kuyimba atawerama, kusiya mpata kumanzere kwake. Akatha ankatumiza ku Kepitauni n'kudikira ngati mwana wodikira mayi ake kuchokera kumsika. Upile ankamvetsera n'kumufotokozera. Lero waseka, lero wakokera mawu pa kolasi, lero watsokomola pang'ono asanayambe. Fanuel ankamvetsera mauthenga amenewa kambirimbiri ali pampando wakumanzere, wophunzira akulimbana ndi magiya. Anayamba kuwonda, koma nkhope yake inkawala, ndipo anzake ankamunena kuti wapeza chibwenzi.

Lamulungu lachisanu ndi chimodzi Upile anachedwa kuyankha. Uthenga utafika, mawu ake anali otsika.

"Achimwene, ndinene zoona? Mayiwa atopa. Poyamba ankaseka, pano sakusekanso. Akupuma ngati munthu amene waima nthawi yaitali atasenza mtolo. Ine ndimasamalira okalamba, kapumidwe kameneka ndimakadziwa."

"Mwina ndi maiki, achemwali. Ndiisunthe pang'ono."

"Si maiki. Ndipo pali china. Pa ndime yachitatu paja mumangoliza gitala, lero ayimbapo mawu. Ndawalemba. Ndiyimba kamodzi mmene ayimbira iwowo, ndikutumizirani, koma mukatero musanditumizirenso. Ndikumalephera kugona, ndipo kuno ndili ndekha."

Patapita mphindi zochepa kunabwera kanyimbo kafupi. Kumbuyo kunkamveka bulangete likukhudza foni. Upile anayimba motsitsa, akupumira pamalo pomwe Enelesi ankapumira:

Malo ndasunga, musafulumire,
benchi ndi lalitali, mudzandipeza.
Koma ndasenza zovala, zandilemera,
nditule, a Fanu, ndione njira.

Fanuel anamvetsera kamodzi kokha n'kuika foni pansi. Anatsegula wadiropu, anayang'ana madiresi, zitenje zopinda, nsapato ziwiri za Lamulungu zili pansi moyang'ana kunja. Anamvetsa bwino lomwe chimene akupemphedwa, ndipo anakwiya. Anadziwa kuti zovalazo zikachoka, chotsala cha Enelesi chichoka nazo, iye asanamve ngakhale liwu limodzi. Kwa sabata yathunthu anachita ngati sanamve. Anajambulanso, koma analibe womutumizira. Usiku ndi usana mahang'ala anali chete, ndipo maiki inakhala pomwe anaisiya. Chete ameneyu anamuopsa kuposa phokoso lija, pakuti ankafanana ndi wa mkazi amene walankhula zake zonse ndipo akungodikira.

Loweruka anapita kumsika n'kukaima pa benchi la Dorika.

"Alamu, tiyeni kunyumba mukamve kanthu."

"Nsombazi azigulitsa ndani?"

"Ndapota nanu."

Dorika anamuyang'ana kumaso, anaphimba nsomba ndi thumba, n'kutsatira osafunsanso. Kunyumba Fanuel anamukhazika pabedi, anamuveka mahedifoni, n'kuyatsa nyimbo ya Lamulungu lachisanu ndi chimodzi lija. Iye anaima pakhomo akuyang'ana nkhope ya mlamu wake, poti ndi pokhapo pamene akanaonera mkazi wake.

Dorika anayamba ndi nkhope ya munthu amene wasiyitsidwa malonda pachabe. Kenako milomo inatseguka. Anatsetsereka pabedi n'kukhala pansi pa simenti, miyendo atatambasula ngati pamaliro, dzanja lili pachifuwa. Pofika ndime yachitatu anali akugwedeza mutu, akuyankha motsitsa kuti, "Ndamva, mng'ono wanga. Ndamva." Nyimbo itatha anavula mahedifoni n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Alamu, mwamuimika mwana wa amayi chaka chonse."

"Ine sindikumumva, alamu. Nonse mukumumva, ine ayi. Ndimati ndimumve kamodzi kokha, kenako mutenge zonse."

"Mungamumve bwanji mutamutsekera m'zovala? Si paja ankanena yekha kuti zimameza mawu?"

"Nanga zikapita, n'kukhala kuti sindinamumvebe?"

Dorika anaika mahedifoni pabedi. "Zimenezo sindingakulonjezeni," anatero. "Koma iye wapempha."

Loweruka lotsatira achibale anabwera. Azimayi anatulutsa zovala zonse, anazichapa m'mabafa atatu, ndipo zingwe za pamdadada wonse zinadzaza ndi Enelesi. Diresi la buluu la pa chinkhoswe, bulauzi ya kwaya, chitenje chimene chinkasunga malo pa benchi, zonse zinkaweyuka padzuwa. Fanuel anakhala pakhonde akuziyang'ana zikuuma. Madzulo anaziyala pamphasa n'kugawana, wina ichi wina icho. Amalume a Enelesi analankhula mawu ochepa, anathokoza Fanuel posunga bwino mwana wawo, n'kumuuza kuti kuyambira tsikulo ndi womasuka. Fanuel anawomba m'manja mwaulemu, koma mumtima ankamva ngati waika maliro kachiwiri.

Anthu atapita, uthenga unabwera kuchokera ku Kepitauni. "Achimwene, ndinalimba mtima ndamvetseranso zonse zija. Mwatsala nokha ndi gitala. Ngakhale poyamba paja palibe." Fanuel anayankha kuti zikomo.

Kutacha linali Lamulungu. Mabelu analira, anthu anadutsa ndi mabaibulo, pamdadada panakhala zii. Fanuel anatsegula laputopu pabedi mwa chizolowezi chabe, n'kuima kutsogolo kwa wadiropu. Munali mahang'ala opanda kanthu ndi maiki yabwino ija ikulendewera yokha. Analowetsa mutu. Fungo la sopo linali litapita, munkangonunkha thabwa. Anatsokomola, ndipo mawu anabwerera ngati mu mgolo. Mmenemo simukanajambulidwanso kanthu kabwino, choncho batani lofiira lojambulira sanalikhudze n'komwe. Anangonyamula gitala kuti ayimbe nyimbo ija komaliza, aisiye.

Anayamba mzere woyamba.

"A Fanu, mwayambira pamwamba."

Mawuwo anachokera kumanzere, m'munsi pang'ono, cha paphewa pake. Sanali a m'mutu ndipo sanali a m'maloto. Anali onenepa, osasa pang'ono, ndi kakuseka kumapeto. Fanuel sanacheuke. Zala zinapeza zokha malo otsika pa gitala, ndipo anayambanso. Alito analowa pansi pa mawu ake n'kuwanyamula monga kale, akupumira pakati pa "ndisungire" ndi "malo".

Laputopu inali pabedi, mapazi awiri okha kumbuyo kwake. Ankadziwa pamene pali batani lofiira ngakhale atatsinzina. Dzanja lamanja linachoka pa nsambo za gitala, nyimbo inadukiza pang'ono, ndipo alito anakokera mawu kumudikira. Zaka zisanu ndi chimodzi anazengereza kujambula mawu amenewa, chaka china anachitha akulira kuti sanawajambule, ndipo tsopano anali pomwepa. Koma anakumbukira kapumidwe kotopa kamene Upile ananena. Anali atangomutula kumene mtolo umodzi, sakanamusenzetsanso wina. Dzanja linabwerera pa nsambo.

Anayimba ndime yoyamba, yachiwiri, ndi kolasi, ndipo sanakomoke. Pa ndime yachitatu iye anakhala chete, n'kumangoliza gitala, mkazi wake akuyimba yekha. Sanayimbe za zovala ayi. Anabwereza mizere iwiri yoyamba ija, ya malo ndi benchi lalitali, mopepuka, ngati munthu amene akutsuka mbale tsiku labwino. Gitala atasiya kulira, hang'ala imodzi inagwedera pang'ono n'kuima. Panja nkhuku inadutsa, ndipo patali kwaya ya tchalitchi china inali kuyimba.

Fanuel anasamba, anavala malaya oyera, n'kupita kutchalitchi. Anafika ulaliki uli pakati, mochedwa monga mwa masiku onse, ndipo anakhala kumbuyo.

Nyimbo ija anadzaitsiriza patapita miyezi, atakhoma mabulangete m'wadiropu, Upile n'kuyimba alito kuchokera ku Kepitauni. Ndi nyimbo yabwino, koma amene anamudziwa Enelesi amati si yomweyo, ndipo Fanuel satsutsa. Mukamupempha kuti akumvetseni mawu a mkazi wake, amakuuzani kuti alibe. Koma mukadzamuona atanyamula gitala, mudzatchere khutu. Mpaka lero nyimbo iliyonse amayambira pamwamba dala, kenako amaima pang'ono, mutu atapendekera kumanzere, asanatsike yekha.